Kodi Nkhani Yoona Ingasokeretse Oŵerenga?

M'MIYEZI ya June ndi July, nkhungu imakuta mapiri a kummaŵa kwa Zimbabwe kufikira dzuŵa litakwera. Pa Mount Selinda, pamene amishonale a ku America anakhazikitsa mishoni mu 1893, mitengo ikuluikulu ya mbawa ya m'nkhalango ya Chirinda imangodontha madzi, ndipo m'minda ya tiyi ya chigawo cha Chipinge antchito amatuluka m'nyumba mbandakucha manja ali m'khwapa. Kuzizira kwake nkofanana ndi chiperoni cha ku Malaŵi, dziko limene agogo a ena mwa antchitowo anachokerako. M'nyengo yotero munthu sayamba ntchito asanamwe kanthu kotentha. Ndipo popeza kuti nthaŵi imakhala itatha, tiyi amachoka pamoto kupita m'kapu, nachoka m'kapu kupita kukamwa, nthunzi ili tolotolo.

Tsopano tayerekezerani kuti mmodzi wa akazi othyola tiyi kumeneko walandira uthenga pafoni kuchokera kwa mwana wake amene ali ku Johannesburg. Mwanayo watumiza chithunzi cha mutu wa nkhani wa m'nyuzipepala, wonena kuti kumwa tiyi wotentha kumaŵirikiza pafupifupi kaŵiri upandu wa kudwala kansa, ndipo pansi pake walembapo kuti: "Amayi, chonde siyani tiyi." Mitu ya nkhani yotero inafalitsidwadi m'maiko ambiri m'March 2019. Koma patapita zaka zitatu, mu August 2022, nyuzipepala zinalengezanso kuti awo amene amamwa makapu aŵiri a tiyi kapena kuposerapo patsiku angakhale ndi moyo wautali. Tiyi wakhala akulimidwa ku Chipinge chiyambire 1924, pamene anabzalidwa pa esiteti ya New Year's Gift, ndipo mabanja ambirimbiri kumeneko ndi ku Honde Valley amadyera tsamba limeneli. Kodi mayiyu, amene amalithyola usana ndi kulimwa m'maŵa ndi madzulo, akhulupirire ziti?

Chimene chikuvutitsa funsoli nchakuti pa mitu iŵiriyo palibe umene unali bodza lamkunkhuniza. Uliwonse unachokera pa kufufuza kwenikweni, kochitidwa ndi asayansi odziŵa ntchito yawo, ndipo ziŵerengero zake zinakopedwa molondola. Komabe munthu amene anaŵerenga mitu yokhayo anatsala wosadziŵa chinthu chimodzi chimene chikanamthandiza. Pamenepa pakubuka funso loyenera kuvutitsa chikumbumtima cha aliyense wosimbira ena nkhani: Kodi munthu amakhala atakwaniritsa thayo lake la kunena zoona malinga ngati sanatchule liwu lililonse labodza?

Zimene Ofufuza Anapeza

Tiyeni tiyambe ndi zimene zinachitikadi. Mu 2016, asayansi 23 ochokera m'maiko 10 anasonkhana ku Lyon, m'dziko la France, ku likulu la International Agency for Research on Cancer, nthambi ya World Health Organization yofufuza zochititsa kansa. Atapenda umboni umene unalipo, analengeza pa June 15 kuti nkothekera kwambiri kuti zakumwa zotentha kuposa madigiri 65 Celsius zimachititsa kansa ya kummero, ndiko kuti, ya njira imene chakudya chimadzera potsikira m'mimba. Iwo anavomereza kuti umboniwo sunafike pokhala wotsimikizirika. Mkulu wa bungwelo panthaŵiyo, Dr. Christopher Wild, anamveketsa bwino kuti chimene chikuoneka kukhala ndi mlandu ndicho kutenthako, osati chakumwa chenichenicho. Ngakhale madzi wamba otentha motero anasonyeza upandu pamene anayesedwa pa makoswe. Ofufuza amalingalira kuti mmero umene umaŵaulidwa tsiku ndi tsiku, nupola, nuŵaulidwanso kwa zaka makumi ambiri, umakhala wosavuta kuyambukiridwa ndi nthendayo.

Umboni wina wofunika unachokera ku Golestan, chigawo cha kumpoto koma chakummaŵa kwa Iran, kumene anthu amamwa tiyi wotentha kwambiri ndipo kansa imeneyi njofala. Mu 2009, Dr. Farhad Islami ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atafunsa odwala 300 ndi anthu osadwala 571 za kamwedwe kawo ka tiyi. Zinaoneka kuti omwa tiyi wotentha kwambiri anali paupandu woŵirikiza nthaŵi zisanu ndi zitatu poyerekezera ndi omwa tiyi wofunda. Chiŵerengero chimenecho nchochititsa mantha. Koma kufufuza kwa mtundu umenewo kuli ndi chofooka chodziŵika bwino. Munthu amene wadwala kale amagona usiku akumasinkhasinkha chimene chinamdwalitsa, ndipo pofunsidwa amakumbukira kapu iliyonse imene inamuotcha lilime, pamene mnansi wake wathanzi sanaiikepo mtima nkomwe.

Podziŵa zimenezo, ofufuzawo anali atayamba kale ntchito ina yovutirapo. Pakati pa 2004 ndi 2008 analemba maina anthu 50,045 a zaka zoyambira 40 kufikira 75, asanadwale. Sanangowafunsa chabe. Anali kutsanulira tiyi m'makapu aŵiri, kuika choyezera kutentha m'kapu imodzi, ndi kupempha munthuyo kulaŵa inayo pamene inali kuzizira, kufikira atanena kuti apa mpamene ndimamwera. Ndiyeno anawayang'anira kwa zaka pafupifupi 10. M'nyengo imeneyo, 317 anadwala kansa ya kummero. Zotulukapo zake, zofalitsidwa mu International Journal of Cancer m'March 2019, zinasonyeza kuti okonda tiyi wotentha kwambiri anali paupandu woŵirikiza nthaŵi ziŵiri ndi theka pafupifupi, osati zisanu ndi zitatu. Ndipo awo amene anali kumwa mamililita 700 kapena kuposerapo patsiku, amene ali ngati makapu aakulu aŵiri, pa madigiri 60 kapena kuposerapo, anali ndi upandu wokulirapo ndi 90 peresenti poyerekezera ndi omwa tiyi wocheperapo ndi wozizirirapo. Mmenemo ndimo munachokera mutu wa nkhani uja umene mayi wa ku Chipinge analandira.

Taonani kuti anthu amodzimodziwo, atapenda mosamalitsa kwambiri, anafalitsa chiŵerengero chocheperapo kuposa chawo choyamba. Ayenera kuyamikiridwa kaamba ka zimenezo. Sayansi imayenda motero, ikumadziwongolera pang'onopang'ono. Koma nyuzipepala imakhala ndi moyo wa tsiku limodzi, ndipo woŵerenga amene anamva za "nthaŵi zisanu ndi zitatu" mu 2009 analibe womkumbutsa kuti chimenecho chinali chiyambi chabe cha nkhaniyo.

Kodi 90 Peresenti ya Chiyani?

Tafunsani anthu angapo pamsika tanthauzo la mawu akuti upandu wakula ndi 90 peresenti. Mwachionekere ena adzayankha kuti pa anthu 100 alionse omwa tiyi wotentha, 90 adzadwala kansa. Nzimene khutu limamva. Komano zimenezo nzotalikirana kwambiri ndi zimene zinapezedwa. Pa anthu 50,045 a ku Golestan aja, amene anadwala m'zaka 10 anali 317, kutanthauza pafupifupi 6 pa 1,000 alionse, ndipo kumeneko ndi kumalo kumene nthendayo njofala koposa mbali zambiri za dziko lapansi.

Nachi chitsanzo chongoyerekezera. Tinene kuti pa anthu 1,000 omwa tiyi wozizirirapo, asanu ndiwo amadwala. Kukula kwa upandu ndi 90 peresenti kungatanthauze kuti pa anthu 1,000 omwa wotentha, odwala angakhale 9 kapena 10. Kodi kusiyanako nkwachabe? Kutalitali! Anthu anayi kapena asanu owonjezerekawo ali atate, amayi, ndi amalume a anthu ena, ndipo kansa ya kummero imapha mozunza. Komabe 990 otsalawo sadwala. Munthu amene wauzidwa ziŵerengero zonse ziŵirizo angalingalire modekha ndi kusankha chochita. Munthu amene wauzidwa "90 peresenti" yokha wangopatsidwa mantha.

Msampha wofananawo uli m'magulu amene bungwe la ku Lyon limaikamo zinthu. Maguluwo amasonyeza mlingo wa kutsimikizirika kwa umboni wakuti chinthu chingachititse kansa. Samasonyeza unyinji wa anthu amene chinthucho chimapha. Mu October 2015 bungwelo linaika nyama zokonzedwa m'fakitale, monga masoseji, m'gulu limodzi ndi fodya, ndipo mitu ya nkhani inapereka chithunzi chakuti soseji njaupandu mofanana ndi ndudu. Gululo linalidi limodzi. Koma ziŵerengero zimene World Health Organization inatchula panthaŵiyo zinali zakuti nyama zoterozo zimachititsa imfa za kansa pafupifupi 34,000 pachaka padziko lonse, pamene fodya amachititsa pafupifupi miliyoni imodzi. Nkotsimikizirika kuti njuchi imaluma, ndipo nkotsimikizirikanso kuti ng'ona imaluma. Kodi mungakhale mutamchitira chilungamo mwana wanu mwa kumuuza zokhazo ndi kumtumiza kudambo?

Zimene Zinasiyidwa

Pali mtundu wina wa kusokeretsa umene sumafuna ngakhale chiŵerengero chovuta. Ndiwo kusiya theka la chiganizo. M'February 2018, magazini a zamankhwala otchedwa Annals of Internal Medicine anafalitsa zotulukapo za kufufuza kwa ku China, kumene anthu 456,155 anayang'aniridwa kwa zaka pafupifupi 9, ndipo 1,731 anadwala kansa ya kummero. Ofufuza anapeza kuti omwa tiyi wotentha moŵaula tsiku lililonse amenenso anali kumwa moŵa wochuluka tsiku lililonse anali paupandu woŵirikiza kasanu. Kwa osuta fodya, unali woŵirikiza kaŵiri. Koma kwa awo amene sanali kusuta kapena kumwetsa moŵa, tiyi wotentha sanasonyeze kuwonjezera upandu.

Mutu wakuti "Tiyi wotentha aŵirikiza upandu wa kansa kasanu" ungatetezeredwe m'khoti, pakuti liwu lakuti kasanu lilimodi m'lipotilo. Koma taganizirani zimene mutuwo ukuchita. Ukuopseza gogo amene sanalaŵepo kachasu chibadwire, ndipo ukusiya mwamtendere mwamuna amene amachoka kuntchito kuloŵera kumoŵa ndudu ili kukamwa, amene ndiye anafunikira chenjezolo koposa. Mawu onse ngolondola, koma chala chikuloza munthu wolakwika. Mboni imene inauza bwalo la amfumu kuti inaona uje akutuluka m'munda wa mnzake atasenza thumba, nibisa kuti mwini mundayo ndiye anamtuma, sinaname ndi liwu limodzi lomwe. Komabe akulu a pabwalo atatulukira zonse, palibe amene angaitche mboni yoona.

Nkhani yokoma nayonso ingasokeretse mwa njira imodzimodziyo. Lipoti la mu August 2022 lija linachokera kwa ofufuza a National Cancer Institute ya ku United States, amene anapenda zolembedwa za anthu pafupifupi 500,000 a ku Britain. Omwa makapu aŵiri kapena kuposerapo a tiyi patsiku anali ndi upandu wa imfa wocheperapo ndi 9 kufikira 13 peresenti m'nyengo ya kufufuzayo. Kwa olima tiyi wakuda, ngati wa ku Chipinge ndi ku Mulanje, imeneyo inali nkhani yosangalatsa. Koma ofufuzawo anangopenyerera zimene anthu anali kuchita kale. Sanagaŵe anthu m'magulu aŵiri ndi kulamula ena kumwa ndi ena kusamwa. Chotero iwo eniwo anachenjeza kuti sanatsimikizire kuti tiyiyo ndiye anatalikitsa moyo, pakuti omwa tiyi angasiyane ndi osamwa m'njira zina zosaoneka. Nanga bwanji ponena za mbiri yakuti tiyi wobiriŵira amaletsa kansa? Pamene gulu la ofufuza la Cochrane linapenda mafufuzidwe 142 mu 2020, linapeza kuti zotulukapo zake nzosagwirizana. Tiyi ali chakumwa chabwino. Kumutcha mankhwala ndiko kunena zimene umboni sunanene.

Kodi Mlandu Ngwayani?

Nkwapafupi kuimba mlandu mtolankhani, ndipo nthaŵi zina amakhala nawodi. Koma chilungamo chimafuna kuti titsatire nkhaniyo kuchokera kugwero lake. Mu December 2014, Profesa Petroc Sumner ndi anzake a pa yunivesite ya Cardiff anafalitsa mu BMJ zimene anapeza atayerekezera zinthu zitatu: malipoti a asayansi, zikalata 462 zimene mayunivesite 20 a ku Britain anatumizira atolankhani mu 2011 zolengeza malipotiwo, ndi nkhani 668 zimene zinatuluka. Anapeza kuti 40 peresenti ya zikalata za mayunivesitezo inali ndi uphungu wokokomeza, 33 peresenti inanena kuti chakuti chimachititsa chakuti pamene lipoti linangoti zinthuzo zimapezekera pamodzi, ndipo 36 peresenti inalankhula za anthu pamene zoyesedwazo zinali nyama. Pamene chikalata chinakokomeza za chochititsa, nkhani 81 pa 100 zinakokomezanso. Pamene chikalata sichinatero, nkhani zokokomeza zinali 18 zokha pa 100. Chotero kaŵirikaŵiri madzi amakhala atavunduka kale kumtunda asanafike kwa wotunga.

Chinanso nchakuti m'manyuzipepala ambiri wolemba nkhani sindiye amalemba mutu wake. Umalembedwa ndi mkonzi wina amene ali ndi malo a mawu oŵerengeka okha ndi mphindi zoŵerengeka, ndipo pa intaneti mutu umene anthu ambiri amautsegula ndiwo umadzetsa ndalama za otsatsa malonda. Mtolankhani wa ku Mutare, ku Chipata, kapena ku Blantyre angalembe za khoti m'maŵa, za mpira masana, ndi za kansa madzulo, alibe nthaŵi ya kuŵerenga lipoti la masamba ambiri la m'chinenero cha madokotala. Zimenezi ziyenera kutipangitsa kumchitira chifundo. Koma kodi zimamchotsera thayo? Mmisiri amene wapatsidwa matabwa ofumbwa angadandaule moyenerera za amene anamgulitsa. Ngakhale zili choncho, ngati akhoma nawo denga la nyumba yogonamo anthu osawagogoda nkomwe, dengalo nlake.

Ndiyeno pali kutembenuza, kumene kumakhudza ife oŵerenga zinenero za kuno. Bungwe la ku Lyon limasiyanitsa chinthu chothekera kwambiri kuchititsa kansa ndi chinthu chongothekera pang'ono, ndipo m'Chingelezi mawu aŵiriwo ngosiyana. Ofika m'Chicheŵa, onse aŵiri angasanduke "mwina," ndipo "mwina" ameneyo ndiye woyamba kugwa pamene woulutsa pawailesi afupikitsa nkhani. "Zakumwa zotentha kwambiri" zimasanduka "tiyi wotentha," ngati kuti pali munthu amene amamwa tiyi wozizira m'chiperoni. Pofika pa WhatsApp, kwatsala mawu atatu: tiyi amayambitsa kansa. Makolo anati kandimverere anakanena za m'maluŵa. Ndipo panopo tiyenera kudziphatikizapo, pakuti mwana uja wa ku Johannesburg, potumiza chithunzicho asanaŵerenge nkhani yake, anakhala mtolankhani wa amayi ake. Anachita zimenezo chifukwa cha chikondi, inde. Koma chikondi sichinabwezeretse mawu amene anali atagwa panjira.

Kodi Kuopseza Kungakhale Kwabwino?

Wina angatsutse kuti: 'Ngati mutu wokokomeza wachititsa anthu ena kuziziritsa tiyi wawo, kodi choipa nchiyani? Anthu samamva mawu ofatsa. Amafunikira kugwedezedwa.' Lingaliro limeneli siliyenera kunyozedwa, pakuti amene amalinena kaŵirikaŵiri amakhala ndi cholinga chabwino, ndipo nzoona kuti nkhani yodzaza ndi "mwina" ndi "komabe" imaŵerengedwa ndi ochepa.

Komabe talingalirani mtengo wake. Woŵerenga amene anauzidwa mu 2019 kuti tiyi amapha nauzidwa mu 2022 kuti tiyi amatalikitsa moyo samanena kuti mitu iŵiriyo inafupikitsidwa moipa. Amanena kuti asayansi sadziŵa zimene akunena. Ndipo mawu amenewo amawasunga. Tsiku limene namwino adzamuuza kuti aleke fodya, kapena kuti abweretse mwana kukatemera, iye adzawatulutsa. Ndani sanamvepo wosuta fodya akuseka nati masiku ano chilichonse chimayambitsa kansa? Chodzikhululukira chimenecho anachita kupatsidwa, ndipo anampatsa ndiwo olemba mitu ya nkhani yoika soseji, tiyi, ndi ndudu pamzera umodzi. Chikhulupiriro cha anthu mwa madokotala chili ngati nkhokwe ya mudzi wonse. Wolemba amene akokomeza kuti amvedwe lero amatapa m'nkhokwe imene sanaikemo yekha, ndipo njala yake idzagwera ena.

Palinso nkhani ya ulemu. Kuopseza munthu kuti achite chabwino ndiko kumuona ngati mwana woopsezedwa ndi fisi kuti agone. Mayi amene amadziŵa kusiyanitsa ndi zala zake masamba aŵiri ndi nsonga yake pakati pa zikwi za masamba ena, amenenso amaŵerengera makilogalamu ake pasikelo kuti asamdyere, sangalephere kumva kusiyana kwa anthu 5 ndi anthu 10 pa 1,000. Ngati sanakumve, nchifukwa chakuti sanauzidwe. Ndipo lingaliro lakuti nkhani yolondola siigulika nalonso nlokayikitsa. Ofufuza a ku Cardiff aja sanapeze umboni wamphamvu wakuti zikalata zokokomeza zinafalitsidwa m'manyuzipepala ambiri kuposa zosakokomeza.

Chotero muyezo woyenera wa kuona mtima kwa wolemba suli m'mawu ake payekhapayekha. Uli m'chithunzi chimene chimatsala m'maganizo mwa woŵerenga wamba atatseka nyuzipepala. Ngati wolembayo akudziŵa, kapena akanadziŵa mwa kulingalira pang'ono, kuti chithunzicho nchosiyana ndi zimene ofufuza anapeza, pamenepo wasokeretsa, kaya akhale wokhoza kusonyeza gwero la liwu lililonse.

Pamene Nkhaniyo Ili Yathuyathu

Tisalingalire kuti mankhwala a kukokomeza ndiwo kunyalanyaza nkhani yonseyo. Kumeneko kungakhale kulakwa kokulirapo, makamaka kuno. Kuyambira ku Ethiopia, kudzera ku Kenya, Tanzania, Malaŵi, kufikira kummaŵa kwa South Africa, kuli mzera wa maiko kumene kansa ya kummero njofala modabwitsa, ndipo Malaŵi ali pakati pa maiko okanthidwa koposa padziko lonse. Odwala ambiri amafika kuchipatala atalephera kale kumeza nsima, ena ngakhale phala, ndipo panthaŵiyo zimene madokotala angachite zimakhala zochepa. Mtolankhani wa ku London angaseke nkhani ya tiyi wotentha, popeza kuti kwawo ambiri amathiramo mkaka wozizira. Wa ku Blantyre sangatero.

Ndipo tsopano pali umboni wochokera kwathu konkuno. Mu 2015, ofufuza analengeza kuti anayeza tiyi wa anthu a m'dera la Kilimanjaro ku Tanzania napeza kuti anali kuyamba kumwa ali pa madigiri pafupifupi 70. Chodabwitsa nchakuti tiyi wamkaka anali kumwedwa ali wotentha kuposa wopanda mkaka, popeza kuti mkakawo umaŵiritsidwira limodzi ndi tiyiyo ndipo amachedwa kuzizira. Ndiyeno mu 2022, British Journal of Cancer inafalitsa lipoti la Dr. Gwinyai Masukume ndi anzake, lozikidwa pa odwala oposa 800 ndi anthu osadwala pafupifupi 900 a ku Malaŵi ndi ku Tanzania. Popeza kuti m'khichini mwathu mulibe choyezera kutentha, iwo anafunsa mafunso amene aliyense angayankhe. Kodi mumakonda chakumwa kapena phala lotentha motani? Kodi mumadikira kwa utali wotani musanayambe? Kodi mumamwa mofulumira? Kodi mumapsa m'kamwa kangati pamwezi? Pa funso lililonse, awo amene anali kumwa zotentha kwambiri, mosadikira, mofulumira, ndi kupsa kaŵirikaŵiri anapezeka ochulukirapo pakati pa odwala, ndipo upandu unali kukula pamene zizoloŵezi zimenezi zinapezeka pamodzi mwa munthu mmodzi.

Wosimba nkhaniyi moona mtima ayenera kuwonjezera kuti kufufuza kumeneku kunali kwa mtundu wofunsa anthu odwala kale, monga kuja kwa ku Iran kwa mu 2009, kotero kuti ziŵerengero zake zingadzasinthe. Ayeneranso kunena kuti kutentha sindiko chochititsa chokha chimene chikupendedwa. Fodya ndi moŵa waukali nzodziŵika kale, ndipo utsi wa nkhuni za kukhichini ndi kusasamalira mano zikufufuzidwa. Koma atanena zonsezo, amatsalabe ndi uthenga wothandiza umene mitu ya nkhani ija inautaya. Lipotilo linaphatikizapo phala, limene silinatchulidwe nkomwe m'mutu uliwonse wonena za tiyi. Ndipo uphungu wake sumafuna ndalama. Ku Golestan, omwa tiyi asanathe mphindi ziŵiri chitsanulireni anali paupandu wokulirapo ndi theka poyerekezera ndi odikira mphindi zisanu ndi imodzi kapena kuposerapo.

Chotero uthenga umene mayi wa ku Chipinge anayenera kulandira ukanakwana pafoni yomweyo, ngakhale kuti ukanakhala wotalikirapo pang'ono. Ukanamuuza kuti tsamba limene amathyola silinapezedwe ndi mlandu. Ukanamuuza kutsanulira tiyi m'kapu asanayambe kuvala nsapato ndi kumanga mpango, kuti pomaliza zimenezo akhale ataziziritsidwa, ndi kuchita chimodzimodzi ndi phala. Ukanamuuza kuti ngati amuna awo amasuta ndi kumwa kachasu, iwo ndiwo ali paupandu waukulu m'nyumbamo. Ndipo ukanamuuza kuti ngati tsiku lina aliyense wa iwo adzamva nsima ikuima pachifuŵa pomeza, ndipo zimenezo nkupitiriza kwa masiku angapo, asadikire kufikira phala nalonso litayamba kukana, koma apite kuchipatala cha Mount Selinda kapena cha ku Chipinge mlungu womwewo.